Njinga ya Kamphepo Yakana Mpweya

Mvula itangosiya, bambo ake a Kamphepo anayamba kudwala matenda awo a chaka ndi chaka. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo pa shopu yawo yokonzera njinga, manja m'chiuno, n'kumayang'ana kuphiri ngati kuli munthu amene anawalonjeza kanthu. Ataona kuti tinjira ta m'phirimo tayamba kutuwa, matope akuuma, anagwira foni.

"Kamphepo, njinga ija ibwere mawa. Loweruka gulu lathu la njinga likukwera phiri, ndipo sindifuna mwana wanga akandichititse manyazi ndi tcheni cholira ngati chitseko cha bafa."

Dzina la Kamphepo anamupatsa ndi iwowo ali kamtsikana, atamuona akutsika chitunda osagwira mabuleki. Tsopano anali mayi wapabanja, wa nyumba yake ndi makatani ake, koma kwa bambo akewo anali adakali Kamphepo yemweyo. Chaka chilichonse, nyengo yokwera mapiri isanayambe, njinga yake inkapita kwa iwo kuti akaiphwasule n'kuimanganso. Ulendo woyamba ankakwera limodzi, mwana patsogolo, bambo pambuyo akuwefuka n'kumanamizira magiya.

Koma chaka chino Kamphepo sakanakwera. Anali ndi pakati. Iye ndi mwamuna wake anali atadikira zaka, mpaka achibale anatopa nako kufunsa, ndiye zitatheka anaisunga nkhaniyo ngati dzira, osathamangira kuuza anthu. Adokotala ananena mosapita m'mbali kuti kuyenda ayende, kuvina avine, koma zodumpha miyala m'phiri aiwale kaye. Mayi ake ankadziwa. Apongozi ake ankadziwa. Otsala anali bambo ake okha, ndipo panalibe amene ankafuna kukhala woyamba kuwauza. Munthuyo anali atagula kale matayala atsopano a njinga ya mwana wake mvula ili mkati, n'kumawasunga kuchipinda kuopa makoswe. Mawondo awo anali atayamba kukana, moti ankangobwereza kuti mwina chaka chino n'chomaliza kukwera ndi Kamphepo. Munthu wotere umayambira pati pomuuza kuti Loweruka akwera yekha?

"Ukawauze wekha," anatero mayi ake pafoni. "Ine ndikangoti bambo akuno tikambirane, amandiyankha za masipoko."

Choncho m'mawa mwake Kamphepo ananyamuka akukankha njinga, atavala jekete lalikulu la mwamuna wake ngakhale dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo. Masiku amenewo ankangoseka zilizonse. Chimwemwe chinkamukwera kuchokera m'mimba mpaka pakhosi popanda kupempha, ndipo mantha a nkhani ya bambo ake ankangochiwonjezera. Panjira anaona galu akuthawa ndi silipasi ya munthu, naseka mpaka kutsamira polo ya magetsi. Kenako anayamba kuyeserera mawu. "Bambo, pali nkhani." Ayi, imeneyo imamveka ngati uthenga wa maliro. "Bambo, mukhala agogo." Imeneyo inamuseketsanso, chifukwa anawaona m'maganizo mwake akuyeza mwana wakhanda ndi tepi kuti adziwe saizi ya njinga.

Shopuyo inali yopapatiza, yothinikizidwa pakati pa shopu ya mayi telala ndi sitolo ya penti. Kudenga kunkalendewera marimu ndi machubu akale, pakhoma panali masipanala, iliyonse pa msomali wake, ndipo pakona panali wailesi yomangidwa ndi mphira kuti mabatire asagwe. Munkanunkhira girizi ndi parafini. Bambo ake anatuluka atavala ovolosi, manja atatambasula, n'kumudutsa mwana wawo kukagwira njinga.

"Yafika mfumukazi."

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ine ndadzuka bwino, koma mnzathuyu wadwala. Taona fumbili. Mumaisunga kuti, kukhola?"

Anaipachika pa chitsulo chogwirira njinga, n'kumukankhira Kamphepo kampando kamiyendo itatu ndi phazi. Iye anakhala, nakokera mpweya, nati zengerezu adalinda kwawukwawu, bola angoyamba.

"Bambo, pali zimene ndimafuna ndikuuzeni."

"Usavutike, ndaona kale."

Kamphepo anawayang'anitsitsa. "Mwaona?"

"Utangolowa. Tcheni chatalika. Suona mmene chikugonera pa mano?"

Kamphepo anaphimba nkhope ndi kolala ya jekete, mapewa akugwedezeka. Bambo ake anaganiza kuti ndi manyazi a tcheni, ndipo anamukhululukira ndi mtima wonse.

Ndikuuzeni, amakaniko ndi anthu ena ake. Munthu akhoza kumva kakulira kakang'ono ka mkati mwa gudumu msewu wonse uli phokoso, koma osamva mwana wake akutsokomola dala pambali pake. M'mawa wonse Kamphepo ankayamba mawu, bambo ake n'kuwadula ndi ntchito. Anatsuka magiya m'beseni la parafini ndi mswachi wakale. Anasintha mafuta a m'mabuleki ndi jakisoni, atamugwiritsa Kamphepo chogwirira buleki: "Finya. Siya. Finya. Ndati siya, iwe, ukuganiza chiyani?" Kenako anapita kuseri n'kubwera ndi matayala atsopano aja atawakoleka pakhosi ngati nkhata zamaluwa, akuvina pang'onopang'ono motsatira nyimbo ya pawailesi, bondo limodzi likutsalira.

"Tanunkhiza," anatero. "Amenewa Loweruka akagwira thanthwe ngati nalimata."

Kamphepo ananunkhiza. Fungo la mphira linamutembenuza mtima, koma anameza malovu nati ndi abwino kwambiri. Mawu ake anabwerera m'mimba momwe anachokera.

Chakumasana mayi telala analowa ndi makapu a tiyi, tepi ili pakhosi, mapini atabaya pachifuwa pa bulauzi. Anali mayi wochepa thupi, wa maso osaphonya. Anapereka moni, maso awo n'kutsika kuchokera pankhope ya Kamphepo kufika pa jekete, n'kuima pamenepo. Munthu amene wakhala akuyeza ziuno za anthu moyo wake wonse sanamizidwa ndi jekete la mwamuna. Anatsegula pakamwa. Kamphepo anaika chala pamlomo, n'kuloza bambo ake ndi diso. Mayi telala anaika makapu pansi mofulumira mpaka tiyi kutayikira, natuluka atagwira pakamwa. Patangopita kanthawi, kuseri kwa khoma kunamveka chikhakhali.

"Aneba athuwa mutu wawo sukoka bwino masiku ano," anatero bambo ake, osatembenuka.

Ntchito yomaliza inali ya shoko. Njinga zokwerera mapiri zimakhala ndi shoko pansi pa chishalo, kachitsulo kokhala ndi mpweya mkati kamene kamameza mabampu kuti msana wa wokwera usavutike. Mpweyawo amapopera molingana ndi kulemera kwa mwini njinga. Pa shokopo pamakhala kamphira kozungulira ngati mphete. Munthu akakhala pachishalo njinga imatsika pang'ono, kamphirako n'kusuntha, ndipo makaniko amaona pamene kaima kuti adziwe ngati mpweya wakwana. Mpweya wa Kamphepo bambo ake ankaudziwa pamtima, kuposa tsiku limene mwanayo anabadwa. Anapopa, anayang'ana muvi wa pa pampu, nagwedeza mutu mokhutira.

"Kwera. Ndagwira."

Kamphepo anakwera mosamala, nakhala. Njinga inatsika, n'kutsikabe pang'ono. Atatsikapo, bambo ake anagwada pa bondo labwino lija, nayang'ana kamphira. Kanali katapitirira malo ake. Anakabwezera, namuuza kuti akwerenso. Kanapitiriranso.

"Ikutaya mpweya," anatero.

Anasungunula sopo m'kachitini, napaka thovu pa shoko yonse, n'kuyandikitsa diso kudikira kuti pena pake pafufume. Sipanafufume. Anayandikitsa khutu, nalamula kuti wailesi izimitsidwe. Zii. Ananena kuti ndiye kuti pampu ndi imene ikunama, natenga ina ya m'kabati imene ankangoitulutsa pa milandu ikuluikulu. Nayonso inanena zomwezo.

"M'matumba mwa jeketemo muli chiyani? Miyala?"

Kamphepo anatulutsa foni, makiyi ndi mandimu amene ankayenda nawo masiku amenewo. Bambo ake anawayang'ana mandimuwo, nawayeza kulemera padzanja, nawaika pambali ngati mboni.

"Vula jekete lomwelo."

"Ndikumva kuzizira, bambo."

Thukuta linali ndondondo pamphuno pake. Bambo ake anavomera osayang'ana n'komwe, chifukwa maso awo anali pa shoko. Anazungulira njinga, akukanda m'mutu ndi sipanala.

"Mkamwini wanga anakhalapo pa njingayi?"

"Iye uja sadziwa n'kupalasa komwe."

"Osadziwawo ndi amene amaononga zinthu. Munthu woti akaona chitunda amafunsa ngati palibe njira ina." Anaima, nakweza chala. "Koma m'njira ina yake, ine ndikuona kuti vutoli likuchokera kwa iyeyo."

Apa Kamphepo analephera kudzigwira. Anaseka mpaka misozi, atagwira m'nthiti, akupempha kuti asiye. Bambo ake anamuyang'ana modandaula, monga munthu amene ali pamavuto enieni koma abale ake akuona ngati sewero. Kenako anamenya khoma ndi chibakera.

"Aneba, tabwerani kuno pang'ono. Thupi lanu ndi la Kamphepo n'chimodzimodzi, tandikhalirani apa."

Mayi telala anabwera akupukuta m'maso ndi kansalu. Anati iwo njinga anaisiya ali mtsikana, ndipo akagwa aneba akawasokera okha madiresi a anthu. Komabe anakwinya siketi, nakwera, nakhala mowongoka ngati ali pa chithunzi, mapazi akulendewera. Atatsika, bambo a Kamphepo anagwadanso. Kamphira kanali kataima pamalo ake enieni, osapitirira ngakhale pang'ono.

Anakhala pansi penipeni, pa simenti, miyendo atatambasula. "Ndiye kuti shoko imeneyi ikumvera aneba, koma mwini wake ikumukana. Chiyambireni ntchitoyi sindinaonepo chitsulo chosankha anthu."

"Aneba," anatero mayi telala, mawu akunjenjemera ndi phwete, "ine ndikasokera munthu diresi pa muyezo wa chaka chatha n'kupeza kuti yathina, sindikalipira makina."

"Diresi ndi diresi, mayi. Izi ndi za mpweya."

Mayi telala anayang'ana kudenga ngati akupempha thandizo kwa marimu. Kamphepo anali ataluma mkono wa jekete. Kunena zoona, munthu wina aliyense akanangoti mwanawe wanenepa, n'kuwonjezera mpweya, nkhani n'kutha. Koma kwa bambo amenewa Kamphepo sankasintha. Chimene chimasintha, chimatha, chimafuna girizi, ndi njinga.

Mwadzidzidzi anadzuka, nkhope itawala. "Ndadziwa. Shoko siyesedwa itaima. Iyenera kumenya bampu kuti idzuke, yagona mvula yonse. Tiye kuseri."

Kuseri kwa shopuyo kunali masitepe a simenti otsikira ku kamsewu ka m'munsi, otsetsereka ndithu, okumbika m'mphepete. Apa ndi pamene ankayesera njinga zonse zikatha kukonzedwa, ndipo Kamphepo anali atatsikapo kambirimbiri, nthawi zina akudya chingamu. Bambo ake anakankhira njinga pamwamba pa masitepewo, namuveka chipewa cholimba, n'kumumanga lamba wake pachibwano ndi zala zagirizi. Mayi telala anali atawatsatira, ndipo kuseka kwawo kunali kutatha.

"Tsika nayo mpaka pansi. Usagwire mabuleki, ndikufuna ndiimve."

Kamphepo anagwira mahandulo, nayang'ana masitepe aja. Sanakwere.

"Sinditsika, bambo."

Mawu amenewo anali asanawamvepo kuchokera pakamwa pa mwanayu. "Wati chiyani? Ukuopa masitepe awa?"

"Njingayi ilibe vuto. Shoko ili bwino, mapampu onse ali bwino." Anatembenukira kwa bambo ake. "Inuyo mwapopera mpweya wa munthu mmodzi, koma pachishalopo tikukhalapo awiri."

Bambo ake anasuzumira kumbuyo kwake kuti aone wachiwiriyo. Anayang'ana mayi telala. Kenako, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, anamuyang'ana mwana wawo bwinobwino, kuyambira kumaso kwake kodzaza mpaka pa jekete lija. Pampu inawagwa m'manja n'kugubuduka masitepe onse, iwo osaitsatira ndi diso lomwe.

"Choka pamenepo," anatero ndi mawu otsika. Anamugwira pamkono n'kumukokera kutali ndi masitepe ngati masitepewo amaluma. Njinga, mfumukazi ija, anangoitsamiritsa pakhoma mwachisawawa mpaka pedulo kukanda penti.

Kenako chimwemwe chinawakwera. Anaseka, nayenda mozungulira pabwalopo, nabwerera, nafunsa ngati akunena zoona, nasekanso. Anagwira chanza mayi telala ndi manja onse awiri n'kuwasiyira girizi mpaka m'zigongono. Anamuvula Kamphepo chipewa, namuvekanso poti mwina n'chofunikabe, namuvulanso. Anathamangira mkati kukatenga mpando wawo weniweni, wa khushoni, umene sankalola aliyense kukhalira.

"Ndiye shoko yanga sinalakwe," ankangotero. "Ndinanena ine kuti vutoli likuchokera kwa mkamwini. Sindinanene? Aneba, ndinu mboni." Anaima, akupuma mwawefuwefu, maso atanyowa. "Tsopano mayi ako tiwauza bwanji? Tiyenera kuwakhazika pansi kaye, amene aja akhoza kukomoka."

Kamphepo anayang'ana nsapato zake.

"Akudziwa kale, bambo."

"Akudziwa." Anapukuta manja pa ovolosi. "Apongozi ako?"

"Nawonso."

"Aneba?"

"Ine ndangoona lero ndi maso angawa," anatero mayi telala, ndipo anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya ayironi pamoto.

Bambo ndi mwana anabwerera mkati. Bambo ake anaipachikanso njinga pa chitsulo chija n'kuyamba kuipukuta ndi nsanza, ngakhale inali ikuwala kale. Kamphepo anakhala pa mpando wa khushoni uja, mtima ukumupweteka kuposa mmene ankaganizira.

"Ndimaopa, bambo," anatero. "Matayala munagula aja, za Loweruka, mawondo anu. Munkati mwina chaka chino n'chomaliza. Sindinkafuna kukukhumudwitsani."

"Ndiye nonse munakhala pansi n'kugwirizana kuti mkulu uja akamva za mdzukulu wake alira phiri."

N'zimene anagwirizanadi, ndipo zitanenedwa choncho zinamuchititsa manyazi.

"Phiri silipita kulikonse," anatero bambo ake. "Ndipo kuphiriko ine ndimaonako chiyani? Msana wako basi, nawonso uli kutali." Anapinda nsanza ija, naitambasulanso. "Ntchito ndagwira leroyi ndi ya m'mawa umodzi. Njinga za anzako onse a m'gulu zimatuluka muno tiyi asanazizire. Yakoyi ndimaichedwetsa dala. Chikwatiwire iwe, tsiku limene umakhala ndi ine kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi lino lokha. Kunyumba ukabwera umalowera kukhitchini kwa mayi ako, ine umangondipatsa moni. Sindikudandaula, ndi mmene zimakhalira. Koma tsopano njinga ikakhala pakhoma chaka chino, mwina ndi chamawa chomwe, muno udzabwera kudzatani?"

Ananena zimenezi akuyang'ana tcheni, mopanda mkwiyo, ngati akufotokozera kasitomala chimene chaonongeka. Kenako anakweza mapewa, namwetulira mokakamiza.

"Basi, yatha. Uuze mkamwini abwere adzaitenge, iwe usakankhe. Pita ukapume."

Kunja dzuwa linali lidakalipo ndithu. Kamphepo anaiyang'ana njingayo. Inali isanakhalepo bwino chonchi: matayala atsopano, tcheni chonyezimira, chilichonse pamalo pake. Anawayang'ananso bambo ake, amene anali atayamba kubwezera masipanala pa misomali imodziimodzi, pang'onopang'ono, atamufulatira. Anawakonda kwambiri panthawi imeneyo, mpaka anachita mantha kuti akatsegula pakamwa alira. Anatambasula dzanja, nazungulitsa gudumu lakumbuyo. Linazungulira mowongoka bwinobwino, mopanda kugwedera ngakhale pang'ono.

"Bambo, gudumu ili ndikuliona ngati lapindika."

Bambo ake anatembenuka. Anayang'ana gudumulo likuzungulira, nthawi yaitali ndithu, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Lapindikadi," anatero. "Ndipo si pang'ono. Masipoko onsewa afunika kumasula, kuyambiranso."

"Zitenga nthawi?"

"Lero sizitha. Mwina ubwerenso Lachinayi."

"Ndibwera."

Anatenga kasipanala ka masipoko pa msomali pamene anali atangokapachika, nakokera kampando kamiyendo itatu pafupi ndi mpando wa mwana wawo, n'kuyamba kumasula gudumu labwinobwino lija.